Kodi Wotola Ndiye Mwini? Nkhani ya Miyala Yamoyo

Ana akamasewera pabwalo, wina n'kutola kanthu kokongola, timamva akufuula kuti, "N'kanga, ndayamba kukaona ndine!" Ife akulu timaseka, koma mtima womwewo tili nao. Munthu akapeza cinthu cimene anzake sanacione, amayamba kuganiza kuti ali ndi mphamvu pa cinthuco: kucicha dzina, kucitenga, kucigulitsa, kapena kulengeza kwa aliyense kumene cili. Kodi n'zoona kuti kupeza cinthu kumampatsa munthu ufulu wonsewu? Tiyeni tilione funso limeneli kupyolera m'nkhani ya kacomera ka m'zipululu za Namibia ndi South Africa, kamene anthu amakacha mwala wamoyo.

Comera cooneka ngati mwala

Akatswiri a zomera amakacha Lithops. Kamamera m'malo ouma a miyalamiyala ku Namibia ndi South Africa, ndiponso m'dera lina laling'ono la Botswana. Kalibe tsinde looneka, kalibe nthambi. Kali ndi masamba awiri okha, onenepa ndi odzala madzi, olumikizana pansi, ndipo pakati pao pali mng'alu. Thupi lake lonse limakhala m'nthaka, cimene cimaoneka ndi nsonga za masamba zokha, zophwathalala ngati nsangalabwi ziwiri zogundana. Mtundu wa nsongazo umafanana ndi timiyala ta pamalopo, pena wotuwa, pena wofiirira, pena wamawangamawanga. Nyama yaludzu imadutsa osakaona.

Popeza thupi lili m'nthaka, kuwala kwa dzuwa kumalowera pansonga pomwepo, pamene pali ngati zenera, n'kukafika m'kati mwa tsamba m'mene cakudya cimapangidwa. Cilala cikakula, kacomerako kamafota n'kulowa pansi kotheratu. Mitundu ina ya kufupi ndi nyanja, ca ku Lüderitz ku Namibia, kumene mvula imasowa kwambiri, imathandizidwa ndi cinyontho ca nkhungu yocokera kunyanja. Caka ndi caka masamba awiri atsopano amakula m'kati mwa akale, akumamwa madzi a akalewo mpaka ataumiratu ngati pepala. Nyengo yake ikakwana, pamng'alu paja pamatuluka duwa loyera kapena lacikasu, limene limatseguka dzuwa litapendeka. Kacibalobalo kosunga njere kamatseguka pokhapokha kakanyowa. Madontho a mvula ndiwo amamwaza njerezo, ndipo kukauma kamatsekanso. Kucokera pa njere kufikira duwa loyamba pamapita zaka zitatu kapena zinai. Pali mitundu pafupifupi 37 yodziwika, ndipo ina imapezeka pa kaphiri kamodzi kokha m'dziko lonse lapansi.

Munthu amene anatola "mwala" mu 1811

M'caka ca 1811 Mngelezi wina, William Burchell, anali paulendo wa pangolo yokokedwa ndi ng'ombe, kusonkhanitsa zomera ndi nyama m'kati mwa South Africa. Ali m'dera la Prieska, kumwera kwa mtsinje wa Orange, anawerama kuti atole kamwala kamene kanamcititsa cidwi ndi maonekedwe ake. Atakagwira anapeza kuti kali ndi muzu. Anakajambula pamanja, ndipo pambuyo pake anafotokoza za iko m'buku la maulendo ake.

Dzina la m'mabuku linacokera kwa ena. Mu 1821 Adrian Haworth, ali ku England, anakacha dzina la Cilatini poona cithunzi ca Burchell, n'kukaika m'gulu lalikulu la Mesembryanthemum. Patapita zaka zana limodzi, mu 1922, N. E. Brown wa ku munda wa zomera wa Kew ku London anaona kuti tizomera timeneti tiyenera kukhala ndi gulu laokha. Ndiye anapanga dzina lakuti Lithops kucokera ku mau awiri a Cigiriki, lina lotanthauza mwala, lina nkhope kapena maonekedwe. Koma popeza Haworth anadalira cithunzi cabe, akatswiri anakangana kwa zaka zambiri kuti kweni kweni Burchell anatola mtundu uti. Apa pali kale cenjezo: kucha dzina cinthu cimene sunacidziwe bwino kumasiyira obwera m'mbuyo nchito yomasula mfundo.

Ndani anayamba kuona?

Mabuku amati Burchell ndiye anatulukira miyala yamoyo. Koma m'cipululu cimeneco munali anthu kalekale. Asan ndi Akhoekhoe anayendamo zaka zikwi zambiri, kusaka nyama ndi kudyetsa ziweto, ndipo moyo wao unadalira kudziwa zomera za m'menemo. Burchell yemwe sakanayenda popanda amuna a Cikhoekhoe amene anawalemba nchito yoyendetsa ngolo ndi kusamala ng'ombe. Alimi olankhula Afrikaans naonso ali ndi dzina lao la tizomerati, beeskloutjies, ndiko kuti tiziboda ta ng'ombe, cifukwa masamba awiri aja ndi mng'alu pakati amafanana ndi ciboda. Dzina lotere silicokera m'buku. Limacokera kwa munthu amene amayenda maso ali pansi, kulondola mapazi a ziweto.

Ife a m'Zambia nkhani yotere tiidziwa bwino. David Livingstone anafika pa mathithi a Zambezi mu Novembala 1855 n'kuwacha Victoria, dzina la mfumukazi ya kwao, pamene anthu amene anamperekeza anali kuwacha kale Mosi-oa-Tunya. Iye sanabise dzina limenelo, analilemba, komabe dziko linazolowera kunena kuti iye ndiye anawatulukira.

Tisafulumire kuweruza mbali imodzi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Cimene Burchell anacita ndi nchito yeniyeni: anaima, anayang'anitsitsa, anajambula, analemba, ndipo cifukwa ca zimenezo munthu wa ku Cipata kapena ku Japan angathe lero kudziwa za kacomera ka ku Prieska. Dzina limodzi la Cilatini limathandiza anthu a zinenero zosiyana kuti akamakamba adziwe kuti akunena cinthu cimodzi. Colakwa cimabwera pamene mau akuti "ine ndaona" asanduka "palibe anaonapo ine ndisanafike". Mau oyambawo ndi umboni. Aciwiriwo amafafaniza anthu ena ngati kuti maso ao sanali maso. Munthu woona mtima amanena cimene waonjezerapo, ndipo amachulanso amene anamuonetsa njira.

Kucha dzina ndi udindo

Pakati pa akatswiri a zomera pali mwambo wabwino: munthu sacha comera dzina la iye mwini. Ukacita zimenezo anzako amakuona ngati wodzikweza. Dzina limaperekedwa kwa wina monga cithokozo. N'cifukwa cake maina ambiri a miyala yamoyo ali ndi nkhani ya anthu m'kati mwake.

Citsanzo ndi banja la Desmond ndi Naureen Cole a ku South Africa. Bambo Cole anali mphunzitsi wa zinenero za mu Afirika pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, ndipo mu 1955 anatulutsa buku la galamala ya Citswana. Iwo ndi akazi ao anathera zaka zambiri akuyenda m'zipululu, kufunafuna tizomerati m'malo mazanamazana, malo aliwonse n'kuwapatsa nambala yake. Buku lao lakuti Lithops: Flowering Stones linatuluka koyamba mu 1988. Mu 1980 bamboyo anacha mtundu wina Lithops naureeniae polemekeza mkazi wake, amene anasenza naye nchito yonseyo. Ndipo mtundu wina wosowa kwambiri utapezeka pamalo ang'ono ca ku Lephalale, m'cigawo ca Limpopo, akatswiri awiri, Steven Hammer ndi Ronald Uijs, anaucha Lithops coleorum mu 1994, kutanthauza kuti "wa a Cole", mwamuna ndi mkazi pamodzi. Mu 2006 a Cole anacha mtundu wina wa kumwera kwa Namibia Lithops amicorum, ndiko kuti "wa abwenzi", pokumbukira gulu la abwenzi amene anaupeza ali limodzi. Dzina limeneli silikweza munthu mmodzi. Likuvomereza cimene ife timanena kuti mutu umodzi susenza denga.

Dzina lingathenso kuvulaza. Zomera zoposa 200 zinali ndi maina a Cilatini ocokera ku liu lina lonyoza anthu akuda, ndipo mu Julai 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera ku Madrid unavota kuti mainawo akonzedwe. Amene anapereka maina aja anamwalira kalekale, koma cipongwe cao cinapitirira kuyenda m'mabuku a sukulu. Dzina limakhalitsa kuposa mwini kulipereka.

Kwathu kuno zimenezi si zacilendo. Mwana akatuluka m'cikuta, wopatsidwa ulemu womucha dzina sabwera cimanjamanja, amabwera ndi mphatso. Ndipo kuyambira tsiku limenelo pali cingwe pakati pa iye ndi mwanayo. Akamva kuti wadwala amapita kukamuona, akakula amamlangiza. Palibe amene amati, "Ndinamucha dzina ndine, conco ndingamgulitse." Buku la Genesis, m'mutu waciwiri, limaika zinthu ziwirizi pafupi: munthu anapatsidwa nchito yolima ndi kusunga munda, ndipo pambuyo pake ndi pamene zamoyo zinabweretsedwa kwa iye kuti aziche maina. Kusunga kunayamba, kucha maina kunatsatira. Wopereka dzina ndi mlezi, ndipo mlezi amafunsidwa za mwana amene anamsiyira.

Pamene dzina liitana akuba

Tsopano tifike povuta. Miyala yamoyo inadziteteza kwa nthawi yaitali ndi cida cimodzi cokha, kusaoneka. Ilibe minga, siithawa. Tsiku limene katswiri alengeza kuti pa phiri lakuti pali mtundu watsopano, cida cimeneco catha. Anthu okonda kusunga zomera zosowa m'nyumba zao, ku Asia, ku Ulaya ndi ku America, amafunitsitsa cimene anzao alibe, ndipo mau akuti "cosowa" ndi "catsopano" amakweza mtengo.

Kuyambira mu 2019 kuba kwa zomera zotere kunakula koopsa ku South Africa, makamaka m'cigawo ca Northern Cape, ndipo kunanyanya m'nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene anthu ambiri otsekeredwa m'nyumba anayamba kugula zomera pa intaneti. Zobedwa kwambiri ndi za gulu la Conophytum, abale ake a Lithops, koma miyala yamoyo nayo siinapulumuke. Pakati pa 2019 ndi 2024 boma linalanda kwa akuba zomera zoposa miliyoni imodzi, ndipo zimenezo ndi zokhazo zimene zinagwidwa. Mu 2023 South Africa inaika gulu lonse la Conophytum pa mndandanda wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa maiko. Ganizani, amai: comera cimene catenga zaka makumi kuti cikule cimazulidwa m'kamphindi, ndipo ngati mtundu wonse uli pa kaphiri kamodzi, anthu ocepa okhala ndi matumba angathe kuumaliza usiku umodzi. Ngakhale zolandidwazo n'zovuta kuzibwezera kuthengo, popeza kawirikawiri sizidziwika kumene zinazulidwa.

Amene amakumba nthawi zambiri ndi anyamata a m'midzi yosauka ya komweko, osowa nchito, amene amalandira tindalama tocepa pamene ogulitsa a kunja akulemera. Wogwidwa ndi apolisi ndi wokumbayo. Sitinganene kuti iye alibe mlandu, pakuti umphawi sucotsa dzina la kuba. Koma mlandu waukulu uli ndi wotuma ndi wogula, amene sakufa ndi njala, ndipo akanatha kugula comera cofesedwa ku nazale. Miyala yamoyo imamera bwino kucokera ku njere, ndipo alimi a maluwa amaifesa yambirimbiri. Wogula ya kuthengo sakufuna kukongola kwa comeraco, pakuti kukongolako kuli m'zofesedwa zomwe. Akufuna kunena kuti, "Ici cili ndi ine ndekha."

Kodi kubisa n'kunama?

Poona zimenezi, akatswiri ambiri lero salemba malo eni eni a mtundu wosowa. A Cole, polemba za malo ao aja, anali kuchula cabe mtunda ndi mbali kucokera ku tauni yapafupi. Bungwe la SANBI, loyang'anira zamoyo za m'cilengedwe ku South Africa, lili ndi mndandanda wa mitundu imene malo ake saululidwa kwa aliyense.

Wina angafunse kuti, kodi uku si kubisa coonadi? Ndipo ngati kulengeza kumaitana akuba, bwanji osangokhala cete, osacha n'komwe dzina? Funsoli n'lomveka, koma kukhala cete kotheratu kuli ndi ngozi yakenso. Lamulo silingateteze cinthu copanda dzina. Kampani ya migodi kapena yomanga mseu ikafika pa kaphiri kaja, palibe angaime n'kunena kuti pano pali camoyo cosapezeka kwina, ngati camoyoco sicinalembedwe paliponse. Woweruza sangalange wakuba ngati palibe wodziwa kuti cobedwaco n'ciani. Ndiponso cinsinsi ca munthu mmodzi cimalowa naye m'manda. Conco kulengeza zonse kumapha, kubisa zonse nakonso kumapha.

Njira imene anzeru atsata ndiyo kusiyanitsa zimene aliyense ayenera kudziwa ndi zimene ayenera kudziwa osamalira okha. Dziko lonse lidziwe kuti comeraco cilipo, dzina lake, maonekedwe ake, ndi kuti cili pangozi. Koma njira yopita pamalopo aidziwe mwini munda, oyang'anira zacilengedwe ndi ofufuza odalirika. Pamenepa palibe bodza. Wonama amanena cimene sicili, kuti mnzake akhulupirire zolakwika. Wosunga cinsinsi amanena poyera kuti, "Ndidziwa, koma sindikuuzani," ndipo angathe kufotokoza cifukwa cake popanda manyazi. Muyeso wake ndi uwu: kodi kukhala cete kwanga kukuteteza ndani? Ngati kukuteteza cofooka cimene sicingadziteteze cokha, ndi cikondi. Ngati kukuteteza ine, kuti ndidye ndekha kapena kuti zoipa zanga zisaoneke, ndi umbombo kapena cinyengo. Munthu wobisa malo a comera kuti azikazula yekha mwakacetecete sasiyana ndi wakuba, ngakhale pakamwa pake pali potseka mofanana ndi pa katswiri uja.

Nanga ife kuno kwathu?

Miyala yamoyo simera m'Zambia, koma tili ndi nkhani yofanana nayo pa mbale zathu. Cikanda, cimene ena amati cinaka, cimapangidwa ndi timbatata ta pansi ta maluwa a kudambo ndi kumapiri ochedwa orchid. Kale cinali cakudya ca kumudzi, makamaka kumpoto kwa dziko lino. Citachuka m'matauni, kukumba kunakula mpaka m'malo ambiri tinayamba kusowa, ndipo amalonda anayamba kukatenga ku Tanzania ndi maiko ena oyandikana nafe. Dziko la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo mu 2005, makamaka pofuna kusunga maluwa a kumapiri kumeneko, amene ena mwa iwo anali kutha ndi malonda a cikanda. Amai ambiri amaphunzitsa ana ndi ndalama ya cikanda, ndipo palibe angawanyoze. Koma mai wodziwa dambo limene muli cikanda ali pamalo amodzimodzi ndi wopeza mwala wamoyo. Angathe kukumba conse lero, kapena kukumba mosiyako ndi pa nyengo yake, kuti ana ake adzapezenso. Angathe kuuza wamalonda aliyense wobwera ndi galimoto, kapena kukambirana ndi anzake ndi amfumu za kasungidwe kake.

Ndipo si zomera zokha zimene timatola. Poyendera odwala, pothandiza pamaliro, polangiza atsikana ndi maanja, timapeza zinthu za anthu zimene ena sadziwa: matenda amene munthu sanauze abale ake, ngongole, misozi ya m'nyumba. Zambiri mwa izi zinali zotetezedwa ndi kusaoneka cabe, monga kacomera kaja pakati pa miyala. Mtima wa mwana uja umatinong'oneza kuti popeza ndadziwa ndine, nkhaniyi ndi yanga, ndingaipereke kwa amene ndifuna, pena mpaka kuiveka covala ca pempho la pemphero. Timafulumiranso kucha maina: waulesi, wosabala, wa mankhwala. Monga Haworth, timacha poona cithunzi cabe, ndipo dzinalo limamtsata munthu mpaka kwa ana ake. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Komanso tisathawire ku mbali ina n'kumati cinsinsi ciliconse n'coyera. Mukapeza kuti mwana akucitidwa nkhanza, kapena mai akumenyedwa mpaka moyo wake uli pangozi, kukhala cete kumateteza wolakwa, osati wofooka. Pamenepo cinthuco ciyenera kuchulidwa dzina lake leni leni ndi kufikitsidwa kwa amene angathandize, monga apolisi a Victim Support Unit kapena a cipatala, popanda kucimwaza pacitsime ndi pamsika. Muyeso ndi womwe uja wa akatswiri a zomera: auzidwe amene angateteze, asauzidwe amene angozula.

Tsono yankho la funso lathu n'lakuti wotola sakhala mwini. Kupeza cinthu kumampatsa munthu ngongole zitatu: kuchula moona amene anaona naye kapena asanaone iye, kupereka dzina limene sadzacita nalo manyazi, ndi kusankha bwino makutu amene awauze. Mwala wamoyo unakhala bwino m'cipululu Burchell asanawerame. Ngati udzakhalapobe zaka zana zikudzazi, cidzakhala cifukwa cakuti oudziwa anavomera kukhala alezi ake.

Mafunso okambirana pa msonkhano

1. Kodi pa nchito zimene gulu lathu layamikiridwa nazo, alipo amene anayamba kuona cosowaco kapena kutionetsa njira, koma dzina lao silinachulidwe?

2. M'dera lathu ndi zinthu ziti za kuthengo, monga cikanda, bowa kapena mitengo ya mankhwala, zimene zikucepa? Tingagwirizane ciani pa kakololedwe kake?

3. Tingasiyanitse bwanji cinsinsi coyenera kusunga ndi nkhani yoyenera kufikitsa kwa othandiza? Perekani zitsanzo popanda kuchula maina a anthu.